Kuyezetsa magazi: chokudyerani tsiku si singano, ndi mzere. Kodi kompyuta ingathandize pati?

Ngati mumakhala m'chigwa cha Domasi ndipo munayezetsapo magazi, nkhaniyi simukuimva kwa ena. Mumadzuka kusanache, nthawi zina osaika kanthu kukamwa poti adokotala anati mubwere musanadye. Mumakwera kabaza kapena kuyenda wapansi kuchokera m'tsinde mwa phiri la Malosa, ku Songani kapena kumunsi cha ku nyanja ya Chilwa. Mukafika, mabenchi adzaza kale.

Kumanga mkono, kubaya singano ndi kudzaza kabotolo zimatenga mphindi 3 kapena 5 basi. Koma inu mumatuluka pageti dzuwa litapendeka, geni itaima tsiku lonse, kumunda osapondako. Maola ena onsewo amathera kuti?

Funsoli lakula masiku ano pa zifukwa ziwiri. Choyamba, Unduna wa Zaumoyo uli mkati mokhazikitsa dongosolo limodzi la pakompyuta lotchedwa MaHIS, loti lizisunga mbiri ya odwala m'zipatala za dziko lino. Chachiwiri, mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lopita kunja, ndipo ntchito zambiri zodalira ndalama za PEPFAR zinagwedezeka, kuphatikizapo makompyuta a m'makiliniki a ma ARV ndi ntchito yonyamula magazi kupita nawo kumalabotale. Tinaona kuti makinawa ndi othandiza, komanso tinaona kuti aima pamwendo umodzi.

Ulendo wa magazi anu umayamba singano isanatuluke m'pepala

Domasi si malo achilendo pa nkhani ya chithandizo. Mishoni ya Domasi inayambitsidwa mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa Church of Scotland, ndipo lero ili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Pamishonipo pali chipatala chaching'ono cha H. Parker Sharp. M'deralo mulinso Domasi Rural Hospital ya boma, ku Malosa kuli St Luke's ya mpingo wa Anglican, ndipo matenda akakula anthu amatumizidwa ku Zomba Central Hospital, mtunda wosakwana makilomita 20 pa msewu wa M3.

Kulikonse mwa malo ngati amenewa, munthu wofuna kuyezedwa magazi amadutsa makomo angapo. Mumayamba polembetsa, pomwe kalaliki amaona kabuku kanu ka kuchipatala. Kenako mumadikira kuonana ndi dokotala kapena namwino, yemwe amalemba zoyenera kuyezedwa. Mukatero mumakaima mzere wina kulabotale. Kumeneko dzina lanu limalembedwanso m'kaundula, pafomu ndi pakabotolo. Akakutengani magazi mumadikira zotsatira, n'kubwereranso kwa dokotala, n'kumalizira pawindo la mankhwala.

Werengani bwino: mizere 4 kapena 5, ndipo dzina lanu lalembedwa pamanja kangapo ndi anthu osiyanasiyana.

Zoyeza zina zimathera pompo. Kachipangizo koyezera malungo pobaya chala kamaonetsa zotsatira pakatha mphindi 15 mpaka 20. Kuyeza HIV, shuga ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi nakonso sikuchedwa ngati zipangizo zilipo. Koma zoyeza zikuluzikulu, monga viral load ya anthu omwe akumwa ma ARV ndi kuyeza HIV mwa makanda, nthawi zambiri zimafuna kuti magazi achoke pachipatala chaching'ono kupita kulabotale yaikulu ngati ya ku Zomba Central. Pamenepo ulendo umatalika, ndipo mipata yotayikira imachuluka.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Tengani chitsanzo ichi, chongofuna kuonetsa mmene masamu ake amayendera. Wogwira ntchito mmodzi kulabotale ali ndi anthu 40 omwe afika onse 7 koloko m'mawa. Pa munthu aliyense amatha mphindi 3 potenga magazi ndi mphindi 5 polemba: dzina, zaka, mudzi, mfumu yaikulu, nambala, zoyezedwa, m'kaundula, pafomu ndi pakabotolo. Ndi mphindi 8 pa munthu. Anthu 40 ndi mphindi 320, kutanthauza maola oposa 5. Womaliza amatengedwa magazi 12 koloko itadutsa.

Tsopano chotsani zolemba zija. Wogwira ntchitoyo angolozetsa kamakina kowerenga pakabuku kanu, dzina lanu ndi zomwe adokotala apempha n'kuonekera pakompyuta, makina n'kutulutsa kasitika komata pakabotolo. Titi zimenezi zatenga mphindi 1. Munthu aliyense tsopano akutha mphindi 4. Anthu 40 ndi mphindi 160, maola osakwana 3. Singano ndi yomweyo, wogwira ntchito ndi yemweyo, chipinda ndi chomwecho. Chasintha ndi cholembera chokha.

Koma onaninso mbali ina ya masamu omwewa. Ngakhale makina alipo, munthu wa nambala 40 wadikirabe maola oposa 2, chifukwa onse afika nthawi imodzi. Kompyuta imafupikitsa nthawi ya munthu aliyense patebulo, koma siiletsa anthu kuunjikana m'mawa. Chimenecho chimatha pokhapokha chipatala chikayamba kugawa nthawi, ena kubwera 7 koloko, ena 10 koloko, ena masana, ndipo odwala akakhulupirira kuti wobwera masana sabwezedwa.

Choopsa kuposa kuchedwa: magazi anu, dzina la wina

Kudikira kumatopetsa, koma kusokoneza mabotolo kumapha.

Akatswiri a zamalabotale anapeza kale kuti zolakwika zambiri sizichitikira m'makina oyezera. Kafukufuku wa Mario Plebani wa ku Padova m'dziko la Italy, yemwe amatchulidwa kwambiri pankhaniyi, anaonetsa kuti pakati pa 46 ndi 68 mwa zolakwika 100 zilizonse zimachitika magazi asanafike pamakina: kutenga kwa munthu wolakwika, kulemba dzina molakwika, kuika m'botolo losayenera, kapena kuwasunga nthawi yaitali. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la WHO a mu 2010 okhudza katengedwe ka magazi amalimbikira kuti wodwala atchule yekha dzina lake lonse, ndipo wotenga magazi alifananize ndi zomwe zalembedwa pafomu asanabaye.

Kwathu kuno vutoli lili ndi nkhope yakeyake. Pabenchi limodzi pakhoza kukhala a Phiri atatu ndi a Banda anayi. Dzina limodzi limalembedwa mosiyana malinga ndi khutu la wolemba: Malita lero, Marita mawa, Asiyatu pakabuku, Asiatu pabotolo. Mayi amalembetsa dzina la bambo ake ali mtsikana, la mwamuna wake atakwatiwa. Agogo ambiri amadziwa kuti anabadwa chaka cha njala, koma tsiku ndi mwezi ayi. Kabuku kakanyowa ndi mvula kapena kutayika, munthu amagula kena n'kuyamba ngati mlendo.

Zotsatira zake si zamasewera. Munthu wofunika kuikidwa magazi amayamba watengedwa pang'ono kuti labotale ione gulu la magazi ake ndi kuwafananiza ndi omwe achokera ku Malawi Blood Transfusion Service. Kabotolo kameneko kakasinthana ndi ka wina, wodwala akhoza kulandira magazi osagwirizana ndi thupi lake n'kumwalira. Munthu amene ma ARV ake akugwira bwino akhoza kuuzidwa kuti tizilombo tachuluka, n'kumadzifunsa usiku wonse kuti walakwitsa pati. Winayo, amene mankhwala asiyadi kumugwira, n'kupita kwawo akusangalala ndi zotsatira za mnzake.

Apa ndi pomwe kasitika kokhala ndi timizere takuda, kotchedwa barcode, kamaposa cholembera. Makina sawerenga Malita kapena Marita. Amawerenga nambala, ndipo nambalayo ndi ya munthu mmodzi.

Malawi si wophunzira kumene pa zimenezi

Mwina simudziwa kuti dziko lino linali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kuika makompyuta patebulo lolandirira odwala. Mu 2001, ntchito yomwe inadzakhala bungwe la Baobab Health Trust, motsogozedwa ndi Gerry Douglas, inayamba pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central. Anaika makompyuta odina ndi chala pagalasi, opanda kiyibodi, osadya magetsi ambiri, oyendera mabatire magetsi akathima. Wodwala akalembetsa, makina ankatulutsa kasitika kokhala ndi dzina, nambala ndi barcode, n'kumata pakabuku kake. Ulendo wotsatira sankafunsidwanso zonse kuyambira pachiyambi.

Cha m'ma 2006 njirayi inalowa m'makiliniki a ma ARV, ndipo inakula pamodzi ndi pulogalamu ya HIV. Kuchokera mu 2019, bungwe la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation ndi lomwe linatenga udindo waukulu wothandiza Unduna kuyendetsa makinawa ndi ndalama za boma la America, m'zipatala zoposa 700. Kumalabotale a zipatala za maboma ndi zikuluzikulu kunabweranso pulogalamu yotchedwa iBLIS, yolembera magazi akafika ndi kutulutsira zotsatira, komanso nkhokwe ya dziko lonse yotchedwa NLIMS yoti malabotalewo azilumikizana.

Koma pali kusiyana komwe muyenera kukudziwa. M'makiliniki akuluakulu kompyuta ili patebulo pomwe inu mwakhala, ndipo imagwira ntchito mukuona. M'zipatala zambiri zazing'ono namwino amalembabe pakhadi, kenako kalaliki amadzalowetsa zomwezo pakompyuta inu mutapita kale. Njira yachiwiriyi imathandiza Unduna kukhala ndi malipoti, koma siichotsa ngakhale mphindi imodzi pamzere wanu. Ndiye mukamva kuti chipatala chakuti chili pakompyuta, funsani kuti kompyutayo ili pati: kutsogolo komwe kuli wodwala, kapena kuseri kuofesi?

Kusiyana kwina ndi kwakuti makina ambiri anabwera ndi ndalama za matenda amodzi. Munthu wa ma ARV amadziwika ndi nambala yake, koma munthu yemweyo akabwera ndi vuto la shuga kapena kuthamanga kwa magazi amalowa khomo lina, komwe kuli kaundula wa pepala. Ndondomeko ya zaumoyo ya HSSP III, ya 2023 mpaka 2030, ikufuna kuthetsa kugawikana kotereku, ndipo MaHIS ndi chimodzi mwa zida zake: munthu mmodzi, mbiri imodzi, khomo lililonse.

Kodi kulandira odwala koyenda bwino kumaoneka bwanji?

Yerekezani kuti mwafika pachipatala chomwe zonse zalumikizidwa.

Pakhomo, kalaliki akuwerenga kasitika ka pakabuku kanu ndi kamakina, n'kukufunsani dzina kuti atsimikize. Namwino akuyang'ana pamzere n'kupatula ofunika kuthandizidwa msanga: mwana wotentha thupi kwambiri, mayi woyembekezera amene akutaya magazi, munthu wofooka. Adokotala akakuonani, akudina pakompyuta zoyenera kuyezedwa, ndipo pempholo likufika kulabotale inu musanafikeko.

Kulabotale mukulandira nambala ya pamzere. Wotenga magazi akuona kale kuti mukufunika mabotolo angati ndi amtundu wanji: la chivindikiro chapepo poyeza maselo a magazi, lofiira pa zoyeza zambiri za impso ndi chiwindi, lotuwa poyeza shuga. Makina akumukumbutsa kufunsa ngati mwadya. Tisitika tikutuluka, ndipo akumata pamabotolo inu muli pomwepo, mukuona ndi maso anu. Nthawi yomwe magazi atengedwa ikulembeka yokha.

Zotsatira zikatuluka zikupita pakompyuta ya adokotala. Ngati zili zoopsa, mwachitsanzo magazi achepa kwambiri, makina akuonetsa chizindikiro kuti munthuyu asadikire pabenchi. Ndipo pakutha pa mwezi, woyang'anira chipatala akutha kuona kuti anthu amadikira nthawi yaitali pakhomo liti, tsiku liti, ola liti. Popanda manambala amenewa, aliyense amangoloza mnzake chala.

Magazi opita ku Zomba, ndi zotsatira zosabwerera

Anthu pafupifupi 1 miliyoni m'Malawi ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri mwa iwo akumwa ma ARV. Aliyense amayenera kuyezedwa viral load pakatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, kenako chaka ndi chaka. Mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi kachilomboka amayenera kuyezedwa akakwanitsa masabata 6. M'zipatala zakumudzi magazi otere kawirikawiri amadonthezedwa pakapepala kapadera n'kuumitsidwa, chifukwa akauma amatha kusungika popanda filiji. Kenako oyendetsa njinga zamoto a bungwe la Riders for Health amadzawatenga pa masiku oikika n'kupita nawo kumalabotale aakulu.

Ganizirani manja omwe kapepalako kamadutsamo: namwino, kalaliki, wanjinga, wolandira kulabotale, woyeza, wosindikiza zotsatira, wanjinganso, kalaliki wina woika zotsatira m'faelo yanu. Pamalo alionse pamenepa chinthu chikhoza kugona masiku. Ndipo chowawa kwambiri ndi ichi: zotsatira zikhoza kufika pachipatala n'kukhala m'kabati, mwini wake osadziwa, mpaka tsiku lodzatenganso mankhwala. Popeza anthu ambiri tsopano amalandira ma ARV a miyezi 3 kapena 6 nthawi imodzi, tsiku limenelo likhoza kukhala kutali.

Kuchedwaku kuli ndi mtengo wake. Viral load ikafika 1,000 kapena kuposa, munthu amafunika uphungu wapadera wa kamwedwe ka mankhwala ndi kuyezedwanso pakatha miyezi pafupifupi 3, kuti adokotala aone ngati mankhwala akufunika kusinthidwa. Kwa makanda ndiye nthawi ndi moyo weniweni: mwa ana obadwa ndi HIV omwe salandira mankhwala, pafupifupi theka amamwalira asanakwanitse zaka 2.

Nambala yotsatira magazi kuchokera pamkono mpaka pazotsatira imathandiza kuyankha funso lomwe odwala ambiri amafunsa osayankhidwa: magazi anga ali kuti? Zotsatira zikatumizidwa pa intaneti sizidikiranso njinga yobwerera. Koma pamafunikabe munthu woti azione n'kuimbira wodwala foni kapena kutuma mlangizi wa zaumoyo kumudzi. Kompyuta siikwera njinga.

Walira mvula walira matope

Pali zinthu 4 zomwe zingachititse kuti makina awonjezere mavuto m'malo mowachepetsa.

Choyamba ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunapitirira mpaka mu 2023. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, Zomba ali momwemo. Chipatala chodalira kompyuta popanda sola ndi mabatire odalirika chimaima magetsi akathima.

Chachiwiri ndi netiweki. Inu nomwe mukudziwa malo m'mudzi mwanu omwe mumakaima kuti foni igwire. Pulogalamu yoyenera Domasi ndi yomwe imagwira ntchito ngakhale intaneti yaduka, n'kudzatumiza zonse ikabwerera.

Chachitatu ndi kulemba kawiri. Ngati namwino akuuzidwa kudina pakompyuta komanso kudzaza kaundula wakale, ntchito yake yawirikiza ndipo mzere wanu watalika. Pepala liyenera kukhalapo ngati pothawira tsiku lomwe makina afa, osati ngati ntchito yachiwiri ya tsiku ndi tsiku. Tisitika ndi inki yosindikizira nazo zimatha, ndipo zikatha makina amangokhala chokongoletsa patebulo.

Chachinayi, chomwe ndi chachikulu, ndi mwini wake wa makinawo. Lamulo lomwe Donald Trump anasaina pa 20 Januwale 2025 linaonetsa poyera kuti makalaliki ambiri, akatswiri okonza makompyuta ndi onyamula magazi amalipidwa ndi ndalama zakunja. Ntchito zina zinayambiranso pambuyo pake, koma phunziro linatsala. Ngati malipiro a kalaliki, mtengo wa intaneti ndi mafuta a njinga sizili mubajeti ya boma, mbiri ya thanzi lanu ili m'manja mwa chisankho cha dziko lina. Zipatala za mishoni, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, nazonso ziyenera kulumikizidwa mofanana ndi za boma, chifukwa munthu wa ku Domasi amapita komwe kuli pafupi tsikulo. Ngati makompyuta a mbali ziwirizi salankhulana, munthuyo amakhala ndi mbiri ziwiri zosakwanira.

Nanga chinsinsi chanu?

Ambiri amaopa kuti zomwe zalowa pakompyuta zimaonedwa ndi aliyense. Manthawa ndi omveka, makamaka kumudzi komwe kalaliki akhoza kukhala mwana wa aneba. Koma kumbukirani kuti kaundula wa pepala wosiyidwa patebulo amawerengedwa ndi aliyense wodutsa, ndipo sasiya chizindikiro. Pulogalamu yokonzedwa bwino imafuna kuti wogwira ntchito aliyense alowe ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo imasunga dzina la yemwe watsegula mbiri yanu.

Malamulo alipo. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa wachipatala kuulula zotsatira zanu popanda chilolezo chanu, kupatula m'njira zochepa zomwe lamulolo likutchula. Lamulo la Data Protection Act la mu 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, limaika nkhani za thanzi m'gulu la zofunika kutetezedwa mwapadera, ndipo limakupatsani ufulu wopempha kuona zomwe zasungidwa zokhudza inu ndi kukonzetsa zolakwika.

Pomwe pamafunika kusamala ndi pa mauthenga a pafoni. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi. Uthenga wabwino ndi wongoti bwerani kuchipatala, osati wotchula zomwe zapezeka. Mukamapereka nambala ya foni, nenani ngati foniyo mumagwiritsa ntchito ndi ena.

Zomwe sizidikira kompyuta

Tisadzinamize kuti zonse zikudikira makina. Timakhadi ta manambala todulidwa pakatoni timathetsa mikangano ya pamzere. Chikwangwani cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, chosonyeza khomo loyamba, lachiwiri ndi lachitatu, chimapulumutsa agogo kuima mzere wolakwika kwa ola lathunthu. Kuyamba ndi omwe abwera osadya, kupatula mzere wa ongodzatenga zotsatira, kumata pakhoma masiku omwe njinga yonyamula magazi imabwera: zonsezi sizifuna magetsi.

Ndipo kunena zoona, chipatala chomwe sichinakonze zimenezi sichipindula kwambiri ndi kompyuta. Makina amafulumizitsa dongosolo lomwe alipeza. Akapeza chisokonezo, amafulumizitsa chisokonezocho.

Zomwe inu mungachite ulendo wotsatira

Tengani kabuku kanu ka kuchipatala nthawi zonse, ndipo kakhale kamodzi. Kasungeni m'pulasitiki. Ngati pali kasitika, musakamatule kapena kulembapo. Kakadzaza, musatayeko kakale, bwerani nato tonse.

Gwiritsani ntchito dzina limodzi, lolembedwa monga lilili pachiphaso chanu cha unzika cha NRB. Musabwereke kabuku ka m'bale wanu, ngakhale mukudwala matenda ofanana.

Akakufunsani dzina, litchuleni lonse nokha. Musangovomera kuti eya wina akaitana dzina lofanana ndi lanu. Onetsetsani kuti botolo lalembedwa kapena kumatidwa kasitika inu musanadzuke pampando, ndipo ngati mumatha kuwerenga, pemphani kuona. Si mwano, ndi ufulu wanu, ndipo wogwira ntchito wodziwa bwino sakhumudwa nazo.

Funsani ngati mukuyenera kubwera osadya. Kuyeza shuga kwa m'mawa kumafuna maola 8 osadya kanthu, koma madzi akumwa amaloledwa. Zoyeza zambiri, monga malungo, HIV ndi viral load, sizifuna kusala chakudya. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, funsani adokotala zoyenera kuchita m'mawa umenewo.

Musachoke musanafunse mafunso 3: mwandiyeza chiyani, zotsatira zibwera liti, ndipo ndikazipeza khomo liti? Pemphani kuti tsiku lotenga magazi ndi nambala yake zilembedwe m'kabuku. Tsiku lomwe anakuuzani likadutsa muli chete, pitani mukafunse. Safunsa anadya phula.

Ngati zinthu sizinayende bwino, zipatala za boma zili ndi ofesi ya Hospital Ombudsman yomwe inakhazikitsidwa mu 2018 kuti izimva madandaulo, ndipo zipatala zazing'ono zili ndi makomiti momwe muli anthu a m'mudzi mwanu.

Mafunso oti mupite nawo kumsonkhano

Tsiku lina mudzamva kuti pachipatala chanu pabwera makompyuta. Padzakhala mwambo, zolankhula ndi zithunzi. Inu musadzathere pa kuomba m'manja. Dzafunseni akomiti ya chipatala, khansala ndi phungu wanu kuti makinawo adzakhala patebulo lolandirira odwala kapena kuofesi. Dzafunseni kuti magetsi akathima adzayendera chiyani, akawonongeka adzakonza ndani, ndipo wolipira kalaliki ndi ndani. Dzafunseni ngati nambala yomwe mwapatsidwa ku Domasi idzadziwika ku Malosa ndi ku Zomba Central.

Pakatha miyezi 6, dzafunseni funso lomaliza: kale munthu woyezetsa magazi ankatuluka nthawi yanji, ndipo pano akutuluka nthawi yanji? Kompyuta yomweyo imasunga ola lomwe munafika ndi ola lomwe munachoka, ndiye yankho lake lilipo. Pemphani kuti alimate pakhoma, pomwe aliyense wokhala pabenchi angaliwerenge.